Miyezi Isanu ndi Umodzi ku Salima

Pa msonkhano wathu wapachaka umene unachitikira mu holo ya sukulu, komiti inapempha mmodzi wa ife, amene anapuma pa ntchito ya usilikali ali sajeni, kuti ayankhule kwa ophunzira a Folomu 3 ndi 4. Ambiri amene sanathe kubwera atipempha kuti tisindikize mau ake. Nawa monga anawayankhulira. (Mkonzi)



Kalata ya komiti itandipeza ndinayamba ndakana. Ndinati m'gulu mwathu muli madokotala, muli maloya, alipo ena amene akwera ndege mpaka kutopa nayo. Nanga sajeni wopuma akanene chiyani pamaso pa anthu otere? Koma a Mlembi anandiyankha kuti chaka ndi chaka anyamata ndi atsikana ochokera pano amathamangira ku boma akangomva kuti a usilikali akulemba anthu, ndipo palibe amene amawauza chimene chikuwadikira kutsogoloko. Pamenepo ndinavomera. Tsono sindikamba za nkhondo ai, ngakhale ndikuona pa nkhope zanu kuti ndi zimene mukufuna. Ndikamba za miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira, pamene amatenga munthu wamba namusandutsa msilikali.

Agogo anga aamuna anali a Keyala. Ana inu mau amenewa mumawadziwa ngati adiresi yolemba pa envulopu, koma panali Keyala ina, ndiyo KAR, King's African Rifles, gulu la nkhondo limene Angerezi anakhazikitsa mu 1902. Asilikali athu a lero anachokera m'menemo, pakuti titalandira ufulu mu 1964, bataliyoni yoyamba ya KAR ndiyo inasanduka Malawi Rifles. Agogowo anakamenya nkhondo ku Burma mu 1944. Madzulo pa moto ankatisimbira za mvula yosakata, za misundu yoyamwa magazi, za sitima yapamadzi imene anakwera masabata angapo osaona mtunda. Koma za mmene anaphunzirira usilikali sanatiuzepo n'kamodzi komwe. Ndinadzamvetsa pambuyo pake kuti nkhani imeneyo siikoma pa moto, chifukwa mwini wake satuluka ngwazi m'menemo.

Ndisakunamizeni kuti ndinapita ku usilikali chifukwa cha agogo kapena chifukwa chokonda dziko kuposa anzanga. Ndinakhoza MSCE, koma mapointi anga sanafike. Masiku amenewo yunivesite inali imodzi yokha m'dziko muno, ndipo malo anali ochepa zedi. Ndinakhala pamudzi zaka ziwiri ndikusoka fodya wa bambo anga. Komanso nthawi imeneyo dzina la msilikali linali litakwera. Referendamu inachitika mu June 1993, mu December chaka chomwecho asilikali analanda zida a Payoniya pa ntchito imene inatchedwa Operation Bwezani, ndipo mu 1994 kunachitika chisankho cha matipate. Mnyamata ali yense ankafuna yunifolomu. Choncho nditamva chilengezo pa wailesi, ndinapinda satifiketi yanga m'pepala la pulasitiki, ulendo wa ku boma.

Pa bwalo la mpira la ku boma tinalipo anthu ochuluka ngati pa msika wa fetereza, koma ofunika anali owerengeka. Anatithamangitsa, anatiyeza msinkhu, adokotala anatiyang'ana maso, mano, chifuwa ndi mapazi, kenaka anaona mapepala. Pano ndiime pang'ono, chifukwa ndikapanda kunena china chiri chonse lero, ichi chokha ndinene. Malo a ku usilikali sagulitsidwa. Nyengo yolemba anthu ikafika pamatuluka akathyali amene amadzitcha kuti ndi akuluakulu a ku likulu, ndipo masiku ano amaimba foni n'kumati tumizani ndalama, dzina la mwana wanu tiliika pa mndandanda. Ndawaona makolo atagulitsa mbuzi zonse m'khola chifukwa cha anthu amenewa. Werengani chilengezo chenicheni cha Malawi Defence Force, m'mene amalembamo zaka ndi satifiketi zimene akufuna, ndipo tsatani zimenezo basi. Chinanso, musabise matenda kwa dokotala. Ngati muli ndi mphumu kapena vuto la mtima, nenani pomwepo. Kukanidwa pa boma kumawawa, koma munthu amabwerera kwao ndi miyendo yake. Amene wabisa, thupi lake limakamuulula pa dzuwa la ku Salima, kutali ndi amai ake.

Tinafika ku Salima pa lole, ku sukulu ya asilikali imene mumaidziwa kuti MAFCO, kufupi ndi Senga Bay. Ine wa kumtunda kozizira ndinangotsika n'kuona ngati ndalowa m'chigafa choti ayatsamo moto. Ndisanapeze n'komwe katundu wanga, ndinamva mau kumbuyo kwanga akufunsa kuti ndani wandiuza kuti kuno amayenda. Kuyambira tsiku limenelo kunali kuthamanga: popita kukadya kuthamanga, popita kukasamba kuthamanga, ngakhale popita kukalandira chilango. Anatimeta mpala tonse. Ine pa sukulu pano ndinali pulifekiti, ndinali ndi seda yanga yoiyang'anira bwino, ndipo anzanga a m'kalasi mwathu ali pakonawo akuseka chifukwa akuikumbukira. Inagwa pansi pasanathe mphindi imodzi. Anatipatsa yunifolomu, jombo, chikwama chobereka, botolo la madzi, mbale zachitsulo, ndi nambala. Nambala imeneyo mpaka lero mutandidzutsa pakati pa usiku ndikhoza kuitchula ndisanakumbukire dzina la mkazi wanga.

Kumeta kumeneku ndinkakuona ngati chipongwe chabe, koma kuli ndi ntchito. Pa lole paja panakwera mwana wa mfumu, mwana wa m'busa, wogulitsa makala, wa MSCE ndi wa JC, Mtumbuka, Myao, Mlomwe, Msena, Mchewa, Mngoni. Titametedwa n'kuvala zofanana, ngakhale amai athu akanavutika kutisiyanitsa. Anatigawa m'timagulu ta anthu khumi, timene amati sekishoni, ndipo masekishoni atatu amapanga pulatuni. Sanafunse kuti ufuna kukhala ndi yani. Amene anandiikira bedi loyandikana nalo anali mnyamata wa ku Nsanje, mwana wa msodzi, amene sukulu anaisiyira pa JC. Tsiku loyamba ndinamuyankhula Chingerezi kuti adziwe malo ake. Iye anangondiyang'ana, naloza jombo zanga, nati ndamanga zingwe molakwika.

Tsiku linkayamba kunja kuli mdima. Wezulo ikalira, m'mphindi zochepa ukhale utayala bedi, wameta ndevu ngakhale ulibe, ndipo waima pa mzere. Kenaka kuthamanga mtunda tikuimba, kubwera kudzasamba, phala, ndipo dzuwa likamatuluka tiri pa bwalo la perete. Kwathu timavina mganda, ndipo ine ndinali wa mzere wakutsogolo, choncho ndinkati zoguba ndinazimaliza kale. Paja mganda, malipenga ndi beni ndi magule amene anayamba potsanzira perete wa asilikali. Koma ku mganda munthu umadzionetsa kuti akazi akululutire iweyo, pamene pa perete akakuona kuti ndiwe wakuti ndiye kuti walakwitsa. Kopolo wathu anandigwira tsiku lachiwiri lomwe. Anati, "Recruit, ukuvinira ndani?" Ndinazungulira bwalo lonse ndikudumpha ngati chule, anzanga asanu ndi anai aja ali pambuyo panga, nawonso akudumpha, popanda chimene analakwa.

Ichi ndicho chinandipweteka kwambiri m'masabata oyamba. Pa sukulu pano ukalakwa unkakumba dzenje wekha. Kumeneko mmodzi akaiwala batani, anthu khumi amagubuduzika m'fumbi. Ndinkati kumeneku n'kusaweruza bwino, ndipo mwa njira ina n'zoona. Koma taonani chimene chinachitika. Pofika sabata yachitatu, munthu sankatuluka m'nyumba mnzake asanamuyendere kuyambira chipewa mpaka jombo. Wodziwa kusita ankasitira atatu ndi simbi ya makala, wodziwa kupolisha ankapolishira atatu. Ine jombo zinkandikanika. Mnzanga wa ku Nsanje ndiye anandiphunzitsa kupaka polishi pang'onopang'ono ndi kansalu konyowa, mozungulira, mpaka uone nkhope yako. Palibe anatiuza kuti tizikondana, ndipo ena sitinkakondana n'komwe. Tinangozindikira kuti tulo tako tiri m'manja mwa mnzako.

Mungafunse kuti kuguba kuli ndi phindu lanji, poti ku nkhondo anthu sayenda pa mzere. Inenso ndinafunsa, chamumtima. Munthu akachita mantha nzeru zimathawa, zimene zimatsala ndi zimene thupi linazolowera. Pa perete mapazi amagunda pansi pafupifupi ka 120 pa mphindi imodzi, tsiku ndi tsiku, mpaka mau a wolamula amafika ku miyendo asanadutse m'mutu. Tsiku lina mau amenewo adzakhala akuti gwa pansi, ndipo amene adzayambe waganiza ndiye adzatengedwe pa machira.

Mfuti anatipatsa patapita masabata angapo, koma zipolopolo ai. Anyamata amene mumaona mafilimu mudzakhumudwa. Masiku ambiri mfuti imakhala katundu chabe wolemera makilogalamu oposa anai, amene uyenera kudya naye, kugona naye, ndi kumupukuta kawiri katatu pa tsiku. Tinkaiphwasula ndi kuimanganso mpaka tinkatha kutero titamangidwa nsalu kumaso. Malamulo ake ndi ochepa koma sasintha. Mfuti iri yonse uiyese kuti muli chipolopolo, ngakhale waichotsa wekha magazini. Usaloze munthu ngakhale mocheza. Ukailandira kwa mnzako yamba waitsegula uone m'kati. Chala chisakhale pokhethemulira usanafune kuombera. Mnyamata wina wa m'pulatuni mwathu anatembenuka ndi mfuti m'manja pofuna kufunsa funso, mpope wake n'kuloza anthu. Munalibe kanthu m'mfutimo, koma zimene anaona tsiku limenelo sanadzabwerezenso, ngakhale ife oonerera.

Tsiku loyamba kuombera zenizeni, pa mtunda wa mamita 100, ndinaphonya zonse zisanu. Ndinkatsinzina mfuti isanalire, chifukwa choopa phokoso ndi mmene imakankhira phewa. Kopolo yemwe uja, amene ndinkati alibe mtima, anagona pafumbi pambali panga nayankhula motsitsa kwa nthawi yoyamba. Anati kanikiza tako la mfuti pa phewa, tulutsa mpweya pang'ono, ima kupuma, ndipo finya pang'onopang'ono ngati ukukama ng'ombe, mfuti ilire iwe usakudziwa. Anatinso usadandaule kuti zagwera pati, dandaula kuti zagwera pamodzi kapena ai, chifukwa zikagwera pamodzi mfuti tikhoza kuikonza, koma zikamwazikana wofunika kukonza ndi iweyo. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pomaliza maphunziro ndinali pakati, wosatchuka komanso wosachititsa manyazi.

Tsono pali pamene sukulu ino inandiombola, ndipo ndikufuna aphunzitsi a jogalafe amve. Titafika pa phunziro la mapu ndi kampasi, ndinapeza kuti zonse ndinaziona kale m'kalasi iri kuseri kwa holo ino. Mapu a 1:50,000, pamene masentimita awiri papepala ndi kilomita imodzi pansi. Manambala asanu ndi imodzi osonyeza malo, kuyamba ndi opita kummawa kenaka opita kumpoto. Mizere yosonyeza kukwera kwa mtunda, imene ikathithikana ndiye kuti pali phiri loti ulisiye kumbali. Aphunzitsi athu a phunziro limeneli, amene anatisiya kale, tinkawaseka kuti akutivutitsa ndi zinthu zopanda ntchito. Mzimu wao uuse mu mtendere. Ndinawapepesa chamumtima ndiri pakati pa tchire. Mnzanga wa ku Nsanje manambalawa ankamuzunguza mutu, ndipo akanalephera mayeso amenewa akanabwezedwa m'mbuyo. Tinkakhala usiku m'bafa, kumene nyali inkachedwa kuzima, ine ndikujambula mizere pa simenti ndi khala. Iye nayenso anali ndi zake zimene mapu alibe. Ankadziwa nthawi poyang'ana nyenyezi, ankamva kumene kuli madzi ndi fungo la mphepo. Poyenda usiku timawerenga mapazi: umayamba wadziwa kuti mamita 100 ndi mapazi ako angati, ndipo ukakwanitsa umasamutsa kamwala kuchoka m'thumba lina kupita m'thumba lina. Ine ndinkagwira kampasi, iye ankasunga miyala. Sitinasocherepo.

Za ulendo wapansi ndinene mwachidule, ngakhale unali wosafupika. Umabereka katundu yense, mfuti m'manja, n'kuyenda makilomita ambirimbiri dzuwa liri paliwombo. Chimene chimagwetsa anthu kawirikawiri ndi mapazi ndi ludzu. Jombo zatsopano zimatulutsa matuza. Matuza akaphulika n'kulowa dothi, munthu wamphamvu ngati ng'ombe amayenda ngati nkhalamba. Choncho chapani sokosi, umitsani mapazi mukangopeza mpata, wengani zikhadabo. Madzi imwani pang'onopang'ono musanamve ludzu, ndipo mkodzo ukayamba kufiira dziwani kuti thupi lauma. Mnzanu akayamba kuyankhula zosamveka, kapena kudzandira ngati woledzera pa dzuwa, musamuseke: muikeni pa mthunzi, mumasuleni zovala, mumuthire madzi, ndipo itanani a chipatala msanga. Kutentha kumapha. Udzudzu wa kunyanja nawonso sumaopa yunifolomu. Malungo anandigoneka masiku anai.

Nditachoka ku chipatala kuja ndi pamene ndinafuna kuthawa. Sindinauzepo anthu ambiri nkhani imeneyi. Unali mwezi wachitatu, thupi litatha, anzanga atandipitirira pa maphunziro, ndipo ndinalandira kalata yakuti bambo anga akudwala ndipo fodya waonongeka m'munda. Anthu angapo anali atathawa kale. M'mawa tinkangoona bedi liri lokha. Usiku umenewo ndinavala zovala zanga zakumudzi m'kati mwa bulangeti, ndikuwerenga kuti kuchoka apa kukafika pa Salima boma ndi makilomita osakwana 20, kukacha ndikhala ndiri pa basi. Nditangotsitsa mwendo, mnzanga uja anayankhula mu mdima, osatembenuka n'komwe. Anati, "Achimwene, mukapita mundisiyire kampasi m'mutu mwangamu, chifukwa mayeso ndi Lachisanu." Sananene china. Ndinakhala pa bedi nthawi yaitali. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinakumbukira mbendera kapena agogo anga, koma zoona zake n'zakuti ndinachita manyazi ndi mwana wa msodzi amene ndinamuyankhula Chingerezi tsiku loyamba. Ndinavula zovala zija. M'mawa ndinapita kwa sajeni wa pulatuni n'kumuonetsa kalata, chinthu chimene ndinayenera kuchita poyamba pomwe, ndipo anandithandiza kutumiza uthenga kumudzi. Bambo anachira. Fodya yekha ndiye anapita.

Amene anathawa sindiwanyoza. Ena a iwo lero ndi aphunzitsi abwino, ena ndi amalonda olemera kuposa ine. Ntchito iyi si ya wina ali yense, ndipo ndi bwino kuzindikira zimenezo usanalumbire kusiyana ndi kuzindikira uli ndi mfuti m'manja, anzako akudalira iwe. Chimene ndikukupemphani n'chakuti muganize muli kuno. Walira mvula walira matope.

Chakumapeto anatitengera kutchire masiku angapo, kukachita zonse zimene tinaphunzira ngati nkhondo yeniyeni, ndi zipolopolo zongolira zopanda mutu. Kukumba maenje obisalamo, kuphika m'timbale, kuyenda usiku, kubisalira adani amene anali aphunzitsi athu omwe. M'bandakucha ndi chisisira ali yense amakhala m'dzenje mfuti ili chire, chifukwa ndi nthawi zimene mdani amakonda kubwera. Tulo tinkagona maola awiri kapena atatu. Linthumbu linatisamutsa usiku wina, ndipo amene anakhudza chitedze anavina gule amene sitinamuonepo.

Usiku wachinai inali nthawi yanga ya ulonda, kuyambira 2 koloko. Ndikukumbukira kuti ndinatsamira pa mtengo, ndikuti ndipumitse msana pang'ono chabe. Chimene ndinamva kenaka ndi dzanja pa phewa. Anali kopolo. Magazini ya mfuti yanga inali m'manja mwake. Sanakalipe. Ananditenga n'kundiyendetsa pa maenje onse a sekishoni yathu, akuunika ndi katochi. Pa chifuwa cha mnzanga ali yense amene anali m'tulo panali mwala umene iye anaikapo. Miyala isanu ndi inai. Anati, "Awerenge." Ndinawerenga. Anati, "Awa ndi anthu amene wawapha. Uyu ali ndi mwana wa miyezi itatu. Uyu amai ake ndi amasiye. Ukawauze ndiwe." Kenaka anandiuza kuti nditole miyala yonseyo ndiike m'chikwama changa, ndiibereke mpaka tidzatuluke m'tchire.

Ndinalandirapo zilango zambiri pa moyo wanga, kuyambira ndi zikoti za pa sukulu pano, koma chimenecho chokha ndicho chimandidzutsabe usiku. Zaka zonse zimene ndinagwira ntchito, kuno ndi kunja komwe, sindinatsamirenso mtengo pa ulonda. Miyala ija inali yolemera ndithu. Tsiku lachiwiri ndinaona kuti chikwama chapepukako. Nditasuzumira ndinapeza isanu yokha. Inai inali m'chikwama cha mnzanga wa ku Nsanje. Kopolo anaona, chifukwa palibe chimene chinkamudutsa, koma anayang'ana kumbali. Umodzi mwa miyalayo ndi uwu ndaika pa tebulo la a Wapampandowu. Amene akufuna adzaunyamule tikatha.

Tisanatsirize maphunziro tinalumbira. Pano ndinene kwa inu amene mumaganiza kuti yunifolomu ndi chilolezo chomenyera anthu pa malo omwera mowa kapena kulanda akazi a eni. Msilikali wotere ndi chitonzo kwa anzake, ndipo alipo, sindikana. Malamulo aakulu a dziko lino amati ntchito ya asilikali ndi kuteteza malire ndi ufulu wa dziko, kuteteza malamulowo, ndi kuthandiza anthu pa nthawi ya mavuto. Kumvera kumene amatiphunzitsa pa perete kuli pansi pa malamulo amenewo. Mu April 2012, Pulezidenti Bingu wa Mutharika atamwalira mwadzidzidzi, dziko linakhala chete masiku awiri osadziwa kolowera, ndipo asilikali motsogozedwa ndi General Henry Odillo anaima pa zimene malamulo amanena, kuti wachiwiri kwa pulezidenti, Mai Joyce Banda, ndiye alowe. M'maiko ena masiku awiri otere amathera pa wailesi ndi nyimbo za asilikali. Mu March 2023, namondwe wa Freddy atagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, amene ankafukula anthu m'matope ambiri anali anyamata ndi atsikana ovala yunifolomu imeneyi.

Ndipo mudziwe kuti lumbirolo lili ndi mtengo wake. Mu November 2018 asilikali athu asanu ndi mmodzi anaphedwa pafupi ndi Beni, m'dziko la Congo, ali pa ntchito ya United Nations yosungitsa mtendere. Mmodzi wa iwo, Private Chancy Chitete, anaomberedwa pamene ankapulumutsa msilikali wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo Mtanzaniayo anakhala ndi moyo. Mu 2019 United Nations inamulemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne, imene imaperekedwa kwa osunga mtendere oonetsa kulimba mtima koposa. Nditamva nkhaniyo ndinakumbukira masana ena ku Salima, pamene ankatinyamulitsa anzathu pa mapewa, kuthamanga nawo mu mchenga, ife tikung'ung'udza kuti akungotizunza.

Atsikana amene muli muno musati nkhaniyi si yanu. Pa nthawi yathu munalibe akazi m'mizere, koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anayamba kulembedwa, ndipo ndagwirapo ntchito pansi pa ena a iwo. Wina anandiposa pa chandamale pamaso pa pulatuni yonse, ndipo anaonetsetsa kuti ndisaiwale.

Tsiku la perete wotsiriza, makolo anabwera pa mabasi ndi pa matola kuchokera m'maboma onse. Bandi inaimba, ife tinaguba, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva mapazi a anthu mazana akugunda pansi ngati phazi limodzi. Amai anga anandidutsa kawiri osandizindikira, chifukwa ndinali nditada ndiponso kuonda. Kopolo uja anabwera, nagwira bambo anga chanza ndi manja awiri, nati mwana wanuyu ndi msilikali wabwino. Za miyala sanatchule. Agogo sanathe kuyenda ulendowo, anali atakalamba kwambiri. Nditafika kumudzi pa tchuthi ndinaima patsogolo pao ndi yunifolomu n'kuchita sawasha. Anandiyang'ana kuyambira kumutu, pang'onopang'ono, mpaka anafika pa jombo. Anati, "Chakumanzerechi wapolisha ndi ulesi." Kenaka anaitanitsa nkhuku.

Mnzanga wa ku Nsanje anatumizidwa ku Moyale Barracks ku Mzuzu, kumene anakalira ndi kuzizira monga ine ndinalirira ndi kutentha, ndipo ine ndinapita ku Cobbe Barracks ku Zomba. Anandipitirira pa udindo. Pomwe ndinkapuma n'kuti ndikumuchitira sawasha ndine. Mwana wake woyamba ali ndi dzina langa.

A Wapampando andilozera wotchi kachiwiri, ndipo ndaona kuti ku khitchini utsi wasiya. Amene mukufunadi kupita, yambani kuthamanga tsopano, m'mawa musanalowe m'kalasi, makilomita awiri kapena atatu, muzionjezera pang'onopang'ono, ndipo musasiye masamu ndi jogalafe. Tikatha kudya ndikhala pansi pa mtengo wa mango uli pafupi ndi laibulale mpaka 4 koloko, kwa amene ali ndi mafunso oti sangafunse pamaso pa a Hedimasitala.